Ndibatizidwe pomwe buku lawo sindikulikhulupirira?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 31, ndimaphunzitsa History pa sekondale ina muno mu Blantyre. Ndili ndi bwenzi limene ndikufuna kumanga nalo banja, ndipo ankhoswe anakumana kale. Iye amapemphera ku Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, uja timangoti wa Mormon. Ine ndinakulira mu CCAP. Kwawo sananene poyera, koma zikuonekeratu kuti tsiku la ukwati likudikira ubatizo wanga. Mtsikanayu amalakalaka ukwati wa m'kachisi wawo, umene amati ngakhale imfa siuthetsa, ndipo wosabatizidwa salowamo.

Ndinalola kuti ma elder, amishonale a mpingowo, azibwera kwanga Lachinayi lililonse. Ndi anyamata aulemu. Tsiku loyamba ndinawafulira tiyi osadziwa kuti samwa, mpaka tinathera pa Sobo. Anandisiyira Buku la Mormon, ndipo ndinaliwerenga lonse pensulo ili m'manja, monga ndichitira ndi mabuku akusukulu. Mavuto anayambira pamenepo.

Bukuli linatuluka mu 1830. Joseph Smith, amene anayambitsa mpingowo, ankati analimasulira kuchokera pa mapale agolide amene mngelo Moroni anamulozera pa phiri lina ku New York, kenako mngeloyo anawatenganso. Limasimba za banja la Lehi limene linachoka ku Yerusalemu cha m'ma 600 Yesu asanabadwe n'kukafika ku America. Koma m'nkhanimo muli akavalo, magaleta, tirigu ndi malupanga achitsulo, pamene akavalo ndi tirigu anafika kumeneko ndi Azungu chitadutsa chaka cha 1492. Mulinso nkhondo ya ku Cumorah imene akuti inapha anthu oposa 200,000, koma palibe amene anakumbapo mafupa ake kapena zida zake.

Ma elder atasowa poyankha ananditumiza kwa alamu anga, amene anatumikirapo zaka ziwiri ngati mishonale ndipo amawerenga kwambiri. Tinakhala pakhonde kwawo, nsima ili pamoto. Pa za akavalo anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha nyama yotchedwa tapir, yonga nguluwe ya kachitamba kakafupi. Akuti mwina anthuwo anaitcha kavalo posowa dzina lina. Azakhali, ndinaseka. Sindinafune, chinangondiphulika. Alamu anabweza foni m'thumba, ndipo bwenzi langa tsiku limenelo silinadye.

Sindinganame kuti zonse zimene ananena n'zopanda pake. Anandiuza za malo otchedwa Nahom m'bukumo, ndi kuti ku Yemen anapeza maguwa akale olembedwa zilembo NHM m'dera limene ulendo wa Lehi ukanadutsa. Anatinso mboni 11 zimene zinati zinaona mapalewo sizinabweze mawu, ngakhale zina zinatuluka mu mpingo. Apo ndinakhala chete. Koma nditafunsa za DNA, imene imasonyeza kuti eni nthaka a ku America anachokera kum'mawa kwa Asia osati ku Israyeli, anati a Lehi anali ochepa, magazi awo anasungunukira mwa anthu amene anawapeza. Nanga bwanji kale mawu otsogolera bukuli ankati iwowa ndiwo makolo enieni a anthuwo, kenako n'kusinthidwa kuti ali m'gulu chabe la makolowo?

Chimene chandisowetsa tulo kwambiri ndi Buku la Abrahamu, buku lina lopatulika la mpingowo. Smith anati analimasulira kuchokera pa mipukutu ya gumbwa ya ku Igupto imene inagulidwa mu 1835. Zidutswa zake zinali ku Metropolitan Museum ku New York ndipo zinabwerera ku mpingo mu 1967. Akatswiri a chilankhulocho atawerenga anapeza kuti ndi malemba oika nawo maliro, dzina la Abrahamu mulibemo. Mpingowo unavomereza mu 2014 kuti zilembozo sizigwirizana ndi zimene Smith analemba. Alamu akuti mpukutu weniweni unatayika, kapena gumbwayo inangomutsegulira khomo la vumbulutso. Ndaona kuti umboni ukawakomera amati ndi mbiri, ukawatsutsa amati ndi nkhani ya chikhulupiriro. Mwana wa Folomu 4 atandiyankha chonchi pa mayeso sindingamuchongere.

Za vesi la m'Buku la Mormon lonena khungu lakuda ngati temberero, ndi zoti anthu akuda sankapatsidwa unsembe mpaka 1978, sindinaziyambitse n'komwe.

Bwenzi langa silitsutsana nane. Limangoti ndichite zimene vesi la Moroni 10:4 m'Buku la Mormon likunena, ndipemphere ndi mtima woona ndipo Mzimu udzandiuza. Ndapemphera miyezi inayi, sindinamve kanthu. Tsiku lina anandifunsa modekha kuti, "Nanga inu chingalawa cha Nowa munachikumba kuti?" Linandilasa funso limeneli, ndipo mpaka lero sindinaliyankhe bwino.

Ma elder akufuna ndisankhe tsiku la ubatizo mwezi uno. Ndisanabatizidwe adzandifunsa ngati ndikukhulupirira kuti Joseph Smith anali mneneri. Malume anga akuti ndingoti inde, amuna ambiri amatsata mpingo wa mkazi ndipo palibe anafa nazo. Koma ndiyambe banja ndi bodza lonena pamaso pa Mulungu? Ndipo ndikakana, si ndiye kuti ndamulanda ukwati wa m'kachisi umene wakhala akuulota chiyambire utsikana wake? Kodi ndimuuze ndekha kaye, kapena nkhaniyi ipite kwa ankhoswe?

Ine wothedwa nzeru,
Mphunzitsi, Blantyre