Kwa mnzanga wa ku York, ku England, za mawu akuti executrix

Achimwene okondedwa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndamva chisoni ndi imfa ya alamu anu. Mundipepesere kwa mayi akunyumba. Mwalemba kuti malemuwo anasiya wilo, kuti m'menemo mayi atchulidwa kuti executrix pamene mlongo wawo wamwamuna watchulidwa kuti executor, kutanthauza wokwaniritsa zolembedwa mu wilo, ndipo mayi akuda nkhawa kuti mwina mawu awowo akutanthauza wothandizira chabe pa chuma chamasiyecho. Muwauze kuti mtima ukhale m'malo. Udindo ndi umodzi, mphamvu pamaso pa lamulo ndi zofanana, ndipo chosiyana ndi kachidutswa ka kumapeto kokha, kamene Angelezi anakatenga ku Chilatini.

Mukukumbukira ku seminale kuja, bambo mphunzitsi akulemba pabolodi victor kumanzere ndi victrix kumanja, choko chikuthethekera pamkanjo wawo? Aroma akafuna kutchula wochita chinthu ankaika -tor pa tsinde la mneni ngati wochitayo ndi wamwamuna, ndi -trix ngati ndi wamkazi. Wobereka wamwamuna anali genitor, wamkazi genetrix, n'chifukwa chake Julius Caesar, amene ankati banja lake linachokera kwa mulungu wamkazi Venus, anapatulira kachisi Venus Genetrix mu mzinda wa Rome m'chaka cha 46 Khristu asanabadwe. Mawu omwewo tinkawanena ifeyo titagwada, potchula Maria kuti Dei Genetrix, Amayi a Mulungu, ndipo palibe wa ife amene anamvamo kuchepetsa kulikonse.

Umboni umene ukundigwira mtima kwambiri uli pansi pa mapazi anu. Tchalitchi chachikulu cha York Minster chinamangidwa pamwamba pa likulu la asilikali a Chiroma, ndipo gulu lankhondo limene linafika kumeneko cha m'ma 122, m'nthawi ya mfumu Hadrian, linkatchedwa Legio VI Victrix. Munali amuna okhaokha, zikwi zingapo, onyamula mikondo ndi zishango, koma dzina lawo linali la wopambana wamkazi, chifukwa mawu akuti legio ali m'gulu la mayina aakazi m'Chilatini. Kwa Mroma, tsono, -trix inali nkhani ya mgwirizano wa mawu, monga mmene ife timanenera kuti chingwe chachitali koma mtengo wautali. Akatswiri a masamu nawonso ali ndi mzere umene amautcha directrix, popeza linea, kutanthauza mzere, ndi dzina lachikazi. Nyenyezi ina yowala ya m'gulu la Orion imatchedwa Bellatrix, wankhondo wamkazi.

Zinthu zinasintha mawuwa atalowa m'Chingelezi, chinenero chimene chinataya kalekale magulu a mayina aamuna ndi aakazi. Kumeneko -trix inatsala m'makona ochepa, makamaka m'zikalata za maloya: testatrix ndi mayi wolemba wilo, administratrix ndi mayi woyendetsa chuma cha munthu amene wamwalira osasiya wilo, ndipo executrix akachuluka amati executrices. Anthu wamba anazolowera kachidutswa kena, -ess, kamene kanadzera ku Chifalansa pambuyo pa 1066, kuchokera ku -issa wa Chilatini cha m'mbuyo muno, yemwenso anabwerekedwa ku Chigiriki. Motero Afalansa amati actrice, Ataliyana attrice, koma Angelezi amati actress, mawu amene anayamba kufunika kwenikweni kuchokera mu 1660, akazi ataloledwa kuchita zisudzo pamaso pa anthu ku London.

Apa ndi pamene ndikuwamvetsa mayi. M'chinenero chimene mayina ena onse alibe chizindikiro cha mwamuna kapena mkazi, kumuikira mkazi yekha mchira wapadera kumamveka ngati ntchitoyo mwini wake ndi mwamuna, mkaziyo wangobwerekako. Amelia Earhart atawoloka yekha nyanja ya Atlantic pa ndege mu 1932, nyuzipepala zinkamutcha aviatrix, mawu opangidwa chatsopano motengera Chilatini, pakuti Aroma ndege sanaione. Lero mkazi woyendetsa ndege satchedwanso choncho, ndipo akazi ambiri ochita zisudzo amafuna kutchedwa actor basi. Ine ndikuona kuti akulondola, ngakhale ndimakonda kamvekedwe ka mawu akalewo.

Ndikamaganiza za kwathu kuno ndimapeza kuti vutoli silitikhudza kwenikweni. Mlimi, mlembi ndi mphunzitsi akhoza kukhala mwamuna kapena mkazi, ndipo timawonjezera kuti wamkazi pokhapokha pakafunika. Tili nako komabe kachidutswa kathu, -kazi wa mu mfumukazi, amene amagwira ntchito yofanana ndi ya imperatrix, mawu amene ankafupikitsidwa pa ndalama za Mfumukazi Victoria atalengezedwa kukhala wolamulira India mu 1877.

Mayi asaine zikalatazo popanda mantha, atamvana bwino ndi loya pa za ngongole ndi msonkho wa malemu, pakuti ntchito yeniyeni ili pamenepo. Zikatha zimenezi mudzapite nawo m'zipinda za pansi pa tchalitchi chija, mukaone maziko a nyumba ya asilikali aja, ndipo mudzandilembere zimene mwaona. Kuno tonse tili bwino, ndipo akunyumba akupereka moni.

Ine mnzanu wakale.