Mwana wanga, kabokosi kajako usakataye

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi apabanja pako. Kuno tilipo, amayi ako akupereka moni.

Uthenga wako ndaulandira, ndipo chithunzi cha fuzz, pedal ija (kachipangizo koponda ndi phazi) yochititsa gitala yamagetsi kulira mosasa mawu, imene wakhala ukupanga madzulo ukaweruka kuntchito ndachiyang'anitsitsa. Wati kanyali kakuyaka, koma ukaponda swichi sipika imangoti zii, ndiye ukuganiza zongogula yopangapanga. Usatero. Ndinasangalala kwambiri nditamva kuti watenga chowotcherera chija n'kuyamba ntchito imeneyi, ndipo zingandipweteke ukaisiya pa vuto loyamba.

Cholakwa chako ndachiona. Unathamangira kuwotcherera zonse, n'kuboola kabokosi, n'kutsekeramo, usanamve n'kamodzi komwe kulira kwake. Tsopano vuto likhoza kukhala pa bolodi, pa swichi, pa jack (polowetsa chingwe cha gitala) kapena pa waya wina aliyense. Ukadayamba pa breadboard, posomeka timiyendo popanda mtovu, bwenzi utadziwa msanga. Fuzz Face imene ukutsanzirayo, yomwe kampani ya Arbiter inatulutsa ku London mu 1966, ili ndi ma transistor awiri, ma resistor anayi, ma capacitor atatu ndi zopotokola ziwiri basi. Malo obisalamo vuto ndi ochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chotsa bolodi m'kabokosimo, utenge mita yoyezera magetsi. Ona kaye ngati mavolti 9 akufikadi pa bolodi. Kenako yeza pa mwendo wotchedwa collector wa transistor yachiwiri. Pakuyenera kukhala pafupifupi theka lake, cha m'ma 4.5. Ukapeza 9 yathunthu kapena ziro, mwina wasokoneza miyendo ya transistor, kapena pali polumikiza pomwe sipanagwire. Ukatero tenga chingwe chakale cha gitala, uchidule mbali imodzi. Waya wakunja ulumikize ku ground (waya wobwererapo magetsi onse a pa bolodi), wapakati umangirire capacitor ya 100nF, mbali ina ya chingwecho ulowetse mu amplifaya, mawu uchepetse. Wina azikhwatcha gitala, iwe uzikhudza ndi mwendo wa capacitor uja kuyambira polowera, pang'onopang'ono, kutsatira njira ya mawu. Pamene mawu afere, vuto lili pomwepo. Njira imeneyi sinandigwiritsepo mwala.

Pa chithunzi chija ndaonanso timipira ta mtovu totuwa, tokhala pamwamba ngati mame. Pogwira bwino pamaoneka ponyezimira, mtovu utakwera mwendo ngati kachulu. Uzitenthetsa mwendo ndi bolodi pamodzi, mtovu uzisungunukira pa izo, osati pa nsonga ya chowotcherera. Masekondi awiri kapena atatu akwana. Transistor ya germanium ngati yakoyo imadana ndi kutentha, choncho uzigwira mwendo wake ndi pulayala powotcherera, kapena uike soketi n'kungoisomekamo.

Pali china chimene chinandichitikira ine. Ma transistor a germanium amene wagulawo ndi a mtundu wotchedwa PNP, ndiye kuti mu fuzz yakoyo waya wa positive ndi umene umapita ku ground, mosiyana ndi ma pedal ambiri. Tsiku lina ndinalumikiza yanga pa adaputa imodzi ndi pedal ina. Sipanapite nthawi, ndinamva fungo la pulasitiki wopserera, adaputa itatentha moti sindikanatha kuigwira, n'kufera pomwepo. Yakoyo uziipatsa batire yakeyake. Ngati ukufuna kuti idyere limodzi ndi zinzake, panga ina yokhala ndi ma transistor a silicon a mtundu winawo wotchedwa NPN, monga BC108.

Ikadzalira, ndipo idzalira, ndi pamene kukoma kwa ntchitoyi kumayambira. Apa ndikupemphe chinthu chimodzi: uzisintha kachipangizo kamodzi pa nthawi, n'kumvetsera, n'kulemba m'kope. Ukakulitsa capacitor yolowera, mabesi amachuluka, koma ukapyoza muyeso mawu amasanduka phala, zingwe zonse n'kumamveka ngati chimodzi. Ukaichepetsa amawonda, amathwa. Ukadzafika pa overdrive, pedal ina yosasitsa mawu mofatsirako, monga Tube Screamer ya Ibanez, udzasewere ndi ma diode, tizipangizo timene timadula nsonga za mawu. Ya germanium imayamba kudula mawu cha pa mavolti 0.3, ya silicon cha pa 0.6, pomwe LED (kanyali) yofiira imadikira mpaka kupitirira 1.5, n'chifukwa chake imamveka mokweza ndi momasuka. Ukasintha zitatu nthawi imodzi n'kukoma, sudzadziwa chakometsa. Zikaipa sudzadziwa pobwerera. Ine ndinataya mawu ena okoma kwambiri chifukwa chosalemba, mpaka lero ndimawakumbukira. Uzilembanso nthawi imene wayesa, pakuti germanium imasintha ndi nyengo: fuzz yolira bwino m'mawa kukuzizira imatha kumveka mwina masana dzuwa likaswa mtengo. Usaganize kuti yawonongeka.

Tsono mvera bwino, apa ndikulankhula ngati bambo ako. Mavolti 9 a pedal sangakuvulaze, koma wanenapo zoti ukufuna kudzatsegula amplifaya ya ma valve (timachubu tagalasi tokweza mawu). Ayi, usayerekeze panopa. M'menemo muli ma capacitor osunga mavolti 400 kapena kuposa, ndipo amatha kukhala nawobe ngakhale utazula pulagi. Amapha munthu. Imeneyo tidzatsegule tili awiri, ndikuonetse kukhetsa magetsiwo. Powotcherera uzitsegula zenera, utsi uja usamaupume, ndipo ukamaliza uzisamba m'manja ndi sopo usanagwire chakudya, chifukwa mtovu ndi poizoni. Tizidutswa ta miyendo timene umadula uzitola tonse. Mdzukulu wanga wayamba kukwawa, ndipo chilichonse chimene watola chimapita kukamwa.

Loweruka lino yeza miyendo itatu ya transistor iliyonse, unditumizire manambala asanu ndi limodziwo, pamodzi ndi chithunzi cha kunsi kwa bolodi chojambulidwa powala. Tikawaona tidzadziwa poyambira.

Ndine bambo ako okukonda.