Kwa mnzanga ku Johannesburg: rozi wa Iceberg ndi chisanu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Salima tilipo, mwera wayamba kuvundula nyanja.

Mwafunsa ngati Iceberg wa m'munda mwa abwana anu apirire chisanu cha June ndi July. Apirira, mtima m'malo. Mtundu umenewu anautulutsa Reimer Kordes mu 1958 ku Germany, dziko lozizira kuposa kumeneko, ndipo tsinde lake likakhwima silifa wamba. Zimene zimapsa ndi mphukira zanthete, ndipo amene amaziputa ndi mlimi mwini wake, akadulira msanga kapena akathira feteleza mochedwa.

Ndiye feteleza mulekeretu May akangolowa. Madzi ndowa imodzi ya malita 10 pa tsinde, kamodzi pa sabata, m'mawa dzuwa litakwera. Pansi phimbirani ndi udzu wouma kapena makungwa, kukhuthala masentimita 5 mpaka 8. Ngati duwa ndi lobzala chaka chino, kokerani dothi pamene Iceberg anamezanitsidwa ndi tsinde la rozi wina, chifukwa pakafa pamenepo chophuka pansi sichikhalanso Iceberg, ndi tsinde lomwe anamezapo.

Pamene ambiri amaphonya ndi podulira. Nsonga zikada, manja amayabwa kufuna kudula, komanso abwana amakakamiza kuti munda uoneke bwino. Limbani mtima. Zakufazo zimatchinjiriza maso a m'munsi. Mukazichotsa, masowo amaphukira, chisanu chotsatira n'kuwapsereza, duwa n'kutaya mphamvu kawiri. Dikirani kumapeto kwa July, ndipo ngati munda uli kunsi kwa chitunda kumene mpweya wozizira umakhazikika usiku, mpaka pakati pa August. Podula muzitsika pang'onopang'ono, mukuyang'ana mkati mwa nthambi: mukadera ndiye kuti yafa, pitirizani mpaka muyere mbee. Dulani mopendeketsa, mamilimita 5 pamwamba pa diso loyang'ana kunja. Iceberg safuna kumetedwa mpala. Chotsani theka la msinkhu wake, nthambi zopingasana ndi tizitswatswa tam'kati basi. Mukatha, manyowa owolerana ndi madzi ambiri.

Kunyanja kuno mavuto ndi ena. Chisanu kulibe, duwa silipuma chaka chonse, adani ake ndi chiswe, ng'amba ya October ndi akangaude ofiira obisala kunsi kwa masamba.

Za marozi a kwanuko amene ali m'miphika, asunthireni pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, poti mizu yawo imazizidwa msanga kuposa ya m'nthaka. Mundiuze ngati mumawadulira nokha kapena abwana amaitana wina.

Ine mnzanu,
wa ku Salima