Kwa Mphatso, ku Salamanca, m'dziko la Spain

Mphatso mwana wanga,

Chithunzi chija ndachiona. Anandionetsa ndi azakhali ako a ku Ndirande, pa foni ya mwana wawo. Uli pakati pa anyamata ndi atsikana m'bwalo lija umati Plaza Mayor, usiku, maso ali psuu, m'manja muli chibotolo chapulasitiki, ndipo zimene zili m'menemo si Sobo ayi. Ndinakuikira kumbuyo, ndinati mwina wangomugwirira mnzake. Koma atachoka azakhaliwo ndinalowa kuchipinda, nsima sinalowe tsiku limenelo.

Ndikukumbukira zimene unandiuza mwezi woyamba uja, kuti kumeneko ukaitanitsa tambula imodzi m'bala amakupatsirako kambale ka chakudya, pena mazira okazingira limodzi ndi mbatatesi, pena kanyama kankhumba kouma kaja, ndipo matambula akakwana atatu ndiye kuti wadya mgonero. Unaseka, inenso ndinaseka, ndinati mwana wanga wadziwa kusunga ndalama. Lero ndikudzimvera chisoni kuti ndinaseka. Matambula atatu tsiku lililonse, pa sabata ndi angati? Werenga wekha, masamu unkakhoza.

Malume ako anayambanso choncho. Ankati ka kamodzi kokha, kothamangitsira chisanu cha ku Dedza mwezi wa Juni. Munthu wanzeru kuposa tonsefe m'banja mwathu, amene anakuphunzitsa kuwerenga pa khonde paja ndi makala. Unawaona wekha mmene anathera, miyendo itatupa, ndipo ndiwe unanyamula mtanda popita kumanda. Tsopano ukandiuza kuti ku Salamanca kukuzizira mpaka madzi kuuma m'mawa, ine mtima umangoti phaa, chifukwa ndikudziwa mawu amene amabwera pambuyo pake. Jekete ija tinagula ija uzivala. Chisanu chimathawa jekete, osati vinyo.

Usandiuze kuti ndi chikhalidwe chawo. Ndikudziwa, unandifotokozera kale kuti amadya nkhomaliro cha m'ma 2 koloko, mgonero cha m'ma 10 usiku, ndipo vinyo amakhala pa tebulo ngati madzi. Mayi amene ukukhala m'nyumba mwawowo amamwa katambula kamodzi akamadya, n'kutseka botolo, n'kulibwezera m'kabati. Iwo anakula nazo. Iwe m'magazi mwako muli malume ako, muli agogo ako aamuna. Botolo silitsekeka kwathu kuno.

Koma mwana iwe unandisangalatsa tsiku lija unaimba foni ya vidiyo mayiwo ali pomwepo. Mmene unkawayankhira, lilime likungoyenda, ine misozi mbwee. Ndi iwe yemwe uja unkadandaula kuti akukuseka chifukwa “pero”, “perro” ndi “pelo” unkazitchula chimodzimodzi, koma, galu ndi tsitsi zonse kukhala chinthu chimodzi, monga mmene ife kuno l ndi r sitizisiyanitsira. Bambo ako mpaka lero akadzuka amandiuza kuti “buenos días”, ndiye amadzimva kuti afika. Mayi amenewo uziwalemekeza. Ngakhale anzako aziti “tú” (ngati kunena kuti “iwe”) kwa aliyense, mpaka kwa aphunzitsi, iwe kwa munthu wa imvi uziti “usted” (ngati kunena kuti “inu”) kufikira atakuletsa yekha.

Ndipo usanamizire chilankhulo. Unati Chisipanishi chenicheni amachiphunzirira m'bala. Nanga anzako a pachithunziwo si aja unati ndi ochokera ku Germany ndi ku America, mumangoyankhulana Chingelezi? Amenewo abwera miyezi yowerengeka, akatopa akwera ndege, kwawo akapeza zonse zili m'malo. Iwe tinagulitsa puloti ya ku Mpemba. Sindikunena kuti ndikuwerengere, ayi, koma uzidziwa. Ukafuna chilankhulo khala kukhitchini ndi mayi aja, pita kumsika ukagule wekha ndiwo, Lamulungu ukamve Misa. Mayeso a Chisipanishi aja a DELE akubwera, ndipo unanena wekha kuti chiphaso chako chokhalira kumeneko sangachiwonjezere masiku ngati maphunziro sakuyenda. Unanenanso kuti apolisi amalipiritsa chindapusa akakupezani mukumwera mumsewu. Kwa eni kulibe mkuwe, Mphatso. Akakugwira usiku ndani akakuyankhulire? Ine ndili kuno, ngakhale pasipoti ndilibe.

Yunivesite ya Salamanca imeneyo inayamba mu 1218. Ndinauza amayi onse a ku Chigwirizano, zaka zoposa 800, ndipo mwana wanga ali m'menemo. Unanditumizira chithunzi cha khoma losemedwa lija, unati ophunzira amafunafuna kachule kokhala pa chigaza, akakapeza ndiye kuti akhoza mayeso. Iwe unaona chule. Ine maso anga anangokhala pa chigazapo, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo chiyambire Lachiwiri chikumandibwerera.

Disembala wayandikira, ndipo ndamva kuti ophunzira kumeneko amachita chikondwerero chawo cha chaka chatsopano masiku asanakwane, m'bwalo lomwelo, anthu kudzaza thothotho. Pita ukaone ngati ukufuna, sindingakumange miyendo. Koma m'manja mwako musakhale kanthu.

Bambo ako sindinawauze. Lamulungu ndikatuluka m'tchalitchi ndidikira foni yako, 1 koloko ya kuno, kwanuko ikhala 12. Undiuze wekha zimene zinali m'botolomo, ndi kuti ndi kangati. Usandinamize, mawu ako ndimawadziwa.

Ndine mayi ako.