Ophunzira a ku Canada akuidziwa Dzaleka kuposa ife a ku Dowa

Akonzi,

Ndine mwana wa ku Dowa, cha ku Mponela, ndipo pano ndikuchita digiri yachiwiri pa yunivesite ina m'chigawo cha Ontario ku Canada. Ndiloleni ndifotokoze za kalabu ya ophunzira yomwe ndinalowa kuno, poti ntchito yake ikukhudza kwathu kwenikweni.

Sabata yoyamba yotsegulira sukulu, makalabu onse amayala matebulo panja kukopa mamembala. Patebulo lina mtsikana wina atamva kuti ndine Mmalawi, nkhope inawala, nkundifunsa ngati ndikuidziwa Dzaleka. Ndinati eya. Koma atayamba kufunsa kuti ana a kumeneko amalemba mayeso anji, madzi amatunga kuti, makolo awo amaloledwa kugwira ntchito kapena ayi, ndinangoti kukamwa yasa. Ine Dzaleka ndinkaidziwira pawindo la minibasi yopita ku Dowa boma, ndi chapati chomwe ndinadyapo tsiku lina la msika. Manyazi anandigwira, ndipo ndi manyaziwo amene anandilembetsa dzina pa pepala lawo.

Kalabuyi ndi nthambi ya bungwe la World University Service of Canada, lomwe mwachidule amati WUSC. Nthambi zotere zili m'mayunivesite ndi m'makoleji ambiri m'dziko lino, ndipo amaziyendetsa ndi ophunzira eni ake, osalipidwa. Timakumana kukambirana za chitukuko cha maiko, za maphunziro a atsikana, za mtengo womwe mlimi wa khofi kapena tiyi amalandira poyerekeza ndi womwe timagulira kuno. Koma msana wa kalabuyi ndi ntchito imodzi yomwe inayamba mu 1978: kuitanitsa wachinyamata wochokera ku kampu ya anthu othawa kwawo kuti adzaphunzire pa yunivesite. Dzaleka ndi imodzi mwa makampu omwe amatengako ophunzirawa, pamodzi ndi ena monga Kakuma ndi Dadaab ku Kenya.

Chomwe chinandidabwitsa ndi kumene ndalama zimachokera. Ophunzira anachita kuvota kuti pa fizi ya aliyense paziwonjezeredwa timadola tochepa, tosakwana kugula nkhomaliro imodzi. Timadola timeneto tikaphatikizana, ndipo yunivesite ikachotserako fizi ndi malo ogona, mlendoyo amakhala ndi chakudya, zovala, mabuku ndi ndalama ya m'thumba kwa miyezi 12. Amafika ali ndi chilolezo chokhala mu Canada mpaka kalekale, choncho chaka chikatha amatha kugwira ntchito ndi kutenga ngongole ya maphunziro ngati wina aliyense.

Kumapeto kwa Ogasiti tinapita ku bwalo la ndege kukachingamira wathu wa chaka chino, titanyamula chikwangwani cholembedwa dzina lake. Anatuluka mnyamata wowonda, chikwama chimodzi kumanja, maso ali mwazimwazi. Anzanga anamulonjera m'Chingerezi. Ine ndinangoti, "Mwafika bwanji, achimwene?" Anaima, nkuyika chikwama pansi, nkundiyankha m'Chichewa cha ku Dowa chenicheni, chija cha kwathu chosasakaniza. Makolo ake anathawa ku Burundi, koma iye anabadwira ku Dzaleka, anaphunzira silabasi yathu, analemba MSCE yathu, ndipo ku Burundi sanapondeko chibadwire. Usiku umenewo ndinamuphikira nsima ya ufa wogula m'sitolo ya anthu a ku Africa, ndiwo nyemba. Akudya anandiuza kuti pepala loyamba m'moyo mwake lomupatsa dziko loti akhale mwaufulu ndi lomwe anasainitsa pabwalo la ndege masana omwewo.

Mawu amenewa sanandigonetse tulo. Timati mlendo ndi mame, koma kampu ya Dzaleka inatsegulidwa mu 1994, pamalo pomwe panali ndende ya nthawi ya Kamuzu, ndipo ana omwe anabadwiramo masiku oyambirira pano nawo ndi makolo. Malo omwe anakonzera anthu pafupifupi 12,000 akusunga anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ngakhale ife timangowatcha onsewo Maburundi. Lamulo lathu la anthu othawa kwawo ndi la 1989, ndipo boma limafuna kuti iwo azikhala mu kampu. Kugwira ntchito kapena kuchita geni kunja n'kovuta. Mu Meyi 2023 tinaona apolisi ndi asilikali akusonkhanitsa anthu mu Lilongwe, ena nkuyamba awasunga ku ndende ya Maula asanawabwezere ku Dzaleka. Nkhani imeneyi ili ndi mbali zake, ndipo amalonda a Chimalawi omwe ankadandaula nawo ali ndi mawu oyenera kumvedwa. Funso langa ndi lakuti, kodi zoterezi sizoyenera kukambidwa ndi ophunzira athu a zamalamulo, a zachuma ndi a zauphunzitsi, atapitako kaye nkukaona ndi maso?

Sindikunena kuti njira ya ku Canada yathetsa vuto. Omwe amasankhidwa chaka chilichonse ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi omwe amalembera, ndipo amadutsa m'mayeso, m'mafunso ndi m'maphunziro a Chingerezi a miyezi yambiri asanakwere ndege. Amabwera okha. Mnyamata wathuyu ali ndi mlongo wake yemwe anakhoza bwino kuposa iye, koma anatsala, ndipo ndimamuona akuwerengetsa kandalama ka m'thumba kuti atumizeko. Mu Novembala tinapita naye kukagula chijasi ndi nsapato za m'nyengo ya chisanu, iye nkumakana cha mtengo wokwera kuti ndalamayo ipite kwa mayi ake. Tinachita kumukakamiza, poti chisanu cha kuno chimapha.

Sindikunenanso kuti ophunzira a ku UNIMA, LUANAR, MZUNI, MUST, MUBAS kapena KUHeS awonjezere ndalama pa fizi. Ndinaphunzira kumudzi konko, ndikudziwa za kudikira ngongole ya boma, ndikudziwa za kugona ndi chiwaya cha tchipisi m'mimba. Koma chimene anzanga kuno amapereka kwambiri ndi nthawi. Wina amamuphunzitsa mnyamatayu kukwera basi, wina kutsegula akaunti ku banki, wina amakhala naye mu laibulale mpaka usiku pa masamu. Nthawi ndiye ophunzira athu ali nayo, makamaka pa holide. Kuchoka mu Lilongwe kukafika ku Dzaleka ndi ulendo wa ola limodzi.

Ndipo sitikuyambira pa chabe. Dziko lathuli linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi nthawi ya nkhondo yawo, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi kwina, ambiri akukhala m'midzi pakati pa anthu. Agogo athu anagawana nawo minda ndi zitsime. Ku Dzaleka komweko kuli chikondwerero cha Tumaini, chomwe Menes La Plume, mlakatuli wothawa kwawo ku DRC, anayambitsa mu 2014, ndipo Amalawi ambiri amapitako kukavina.

Pempho langa likupita kwa mabungwe a ophunzira a m'mayunivesite athu. Yambitsani kalabu, ngakhale ya anthu khumi. Kambiranani ndi oyang'anira kampu komanso aphunzitsi a sekondale ya kumeneko, mukathandize ana a Folomu 4 pa masamu ndi sayansi Loweruka lililonse, muitane ana a m'midzi yozungulira kampuyo akhale nawo m'kalasi imodzi, poti umphawi wa ku Dowa susankha. Mukabwerako, werengani lamulo la 1989 lija nkulembera aphungu maganizo anu. Ine ndikubwerera kumudzi chaka chamawa, ndipo mlongo wa mnyamata uja ndalonjeza kukamuona ndi mabuku omwe mchimwene wake wayamba kale kumusungira.

Mwana wa ku Dowa,
Ontario, Canada