Chilengezo: Zokambirana pa Kafukufuku wa Netiweki ndi Chitetezo cha Zinsinsi za Anthu

Mamembala olemekezeka,

Tikukudziwitsani kuti Loweruka likubwerali, kuyambira 9 koloko m'mawa, tidzakumana pa holo yathu ya nthawi zonse ku Area 47, komwe anzathu awiri adzafotokoze za kafukufuku amene akuchita.

Woyamba adzakamba za momwe uthenga umapezera njira pa netiweki yopanda mawaya, pamene zipangizo zikupatsirana uthenga zokha popanda nsanja ya kampani ya mafoni. Adzayerekeza ndondomeko ziwiri zomwe zipangizo zimatsata popeza njira: AODV, yomwe imafufuza njira pokhapokha pakapezeka uthenga woti utumizidwe, ndi OLSR, yomwe imakhala ndi njira zokonzeratu nthawi zonse ngakhale kuti imadya batire kwambiri. Kwa ife kuno, funso lenileni ndi lakuti ndi iti ingapirire magetsi akathima n'kuzimitsa chipangizo chomwe chili pakati pa njira.

Wachiwiri adzaunika lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe linapatsa MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi zofalitsa mauthenga m'Malawi, udindo woyang'anira chitetezo cha zinsinsi za anthu. Inu amene mumasunga manambala a mafoni ndi a ziphaso za unzika za makasitomala mu Excel yopanda pasiwedi, gawo limeneli likukukhudzani mwachindunji.

Chonde dziwitsani alembi pofika Lachinayi ngati mudzabwere.