Galimoto isamapatsidwe COF utsi wake usanayezedwe

A Mkonzi,

Ine ndikuti galimoto isamapatsidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ngati utsi wake sunayezedwe, ndipo zimenezi zilembedwe m'malamulo osati kumangozikamba m'misonkhano ya kusintha kwa nyengo ayi.

Ndimagulitsa mandasi pafupi ndi depoti ku Limbe, ndiye m'mawa maminibasi akale akayamba kuliza injini podikira kuti adzadze utsi wakuda bii umatikuta tonse, kansalu koyera kamene ndimavindikira beseni kamafika masana katada ngati kagwera m'makala, mwana wanga amene ndimakhala ndamubereka kumsanayu akumangotsokomola usiku onse. Zimandiwawa kwambiri.

Carbon tax, msonkho wa utsi wa galimoto, inayamba mu 2019, aphungu athu afunse kuti ndalamazo zikugwira ntchito yanji. Maloya olangiza boma athandize kulemba lamulo loika mlingo wa utsi, koma eni maminibasi apatsidwe kanthawi kokonzetsa mainjini poti nawonso akusaka ya ndiwo. Lamulo lomwelo linene poyera kuti njinga zamagetsi za akabaza ndi mabatire ake zizilowa m'dziko muno popanda msonkho.

Mayi wa geni,
Limbe